Timizere toyera mu mnofu wa mbewa: phunziro kwa ife ozinga mbuzi



Ife Asilamu sitidya mbewa, nanga nkhani ya mbewa tikuitengeranji? Tikuitengera chifukwa kachilombo kamene kamabisala mu mnofu wa mbewa zakutchire kali ndi abale ake mu mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zathu.

Dzina lake ndi Sarcocystis. Woyamba kukaona anali Miescher wa ku Switzerland mu 1843, atapeza timizere toyera ngati ulusi mu mnofu wa mbewa ya m'nyumba. Mpaka lero akatswiri amakafufuza ngakhale mu mbewa zosowa za m'nkhalango.

Kachilomboka kamafuna nyama ziwiri kuti kachulukane. Mbewa imadya udzu kapena kumwa madzi okhala ndi timazira take, ndipo kamakakhazikika mu mnofu. Njoka, kadzidzi kapena mphaka akadya mbewayo, kamaswana m'matumbo mwake, timazirato timatuluka ndi chimbudzi, n'kubwerera pa udzu ndi m'madzi. Mtundu uliwonse uli ndi nyama zake. Wa mbewa si umene umagwira mbuzi, koma njira ndi yomweyo: mbuzi imadya udzu womwe galu waipitsa, galu n'kudya nyama yaiwisi ya mbuziyo. Mu nkhosa muli mtundu wodzera mwa mphaka, umene umaoneka kummero ngati njere zoyera za mpunga. Mitundu yambiri sioneka ndi maso.

Nayenso munthu sapulumuka. Wodya nyama ya ng'ombe yosapsa angathe kutsekula m'mimba. Mu 2012 pa chilumba cha Pangkor ku Malaysia, anthu ambiri anadwala kutentha thupi ndi kuphwanya kwa minofu chifukwa cha mtundu umene akatswiri amaugwirizanitsa ndi njoka. Umenewu munthu amautenga pomeza timazira m'madzi kapena m'chakudya.

Tsono tichite chiyani, makamaka pa Eid ya nsembe pamene timazinga ziweto zambiri?

Choyamba, zam'kati zotsala tisamaponyere agalu ndi amphaka zili zaziwisi. Tizikwirire mozama kapena tiziphike. Chachiwiri, nyama ipse mpaka mkati, chifukwa moto umapha kachilomboka. Kanyenya wofiira pakati ayi ndithu. Chachitatu, madzi akumwa a pachitsime chosavundikira kapena otunga m'nyanja tiziwiritse, ndipo agalu asamayende m'khola ndi pomwera ziweto. Mukaona njere zoyera m'nyama, itanani mlangizi wa ziweto musanagawe.

Kuzinga mwa halaal ndi gawo loyamba chabe. Nyama imene tikupatsa mnansi ndi wosauka iyeneranso kukhala yabwino kudya. Allah atisunge ife ndi ziweto zathu.