Kunama, Kunamiza ndi Kunamizira

Mwa malamulo khumi amene ana amaloweza kusukulu muli limodzi limene aphunzitsi ambiri amalifotokoza mwachidule kuti likuletsa bodza. Kutero si kulakwa, koma nkulichepetsa. Lamuloli, limene mipingo ina imaliwerenga kuti ndi lachisanu ndi chinayi pamene Akatolika amati ndi lachisanu ndi chitatu, linena makamaka za mboni yoimirira pabwalo la milandu.

Chinenero chathu chimasiyanitsa bwino zinthu izi. Munthu amanama akanena chimene sichili choona. Amanamiza mnzake akamuuza bodza kuti amsokeretse. Koma akamnamizira, pamakhala anthu atatu: wonenayo, womvayo, ndi wina amene akumsenzetsa mlandu umene sanaupalamule. Wachitatuyu ndiye amene lamulo la pa Eksodo 20 limtchinjiriza.

Pakati pa Aisraeli milandu inkaweruzidwa ndi akulu pachipata cha mudzi, ndipo moyo wa munthu unkatsamira pa mawu a mboni. Nchifukwa chake Deuteronomo 19 salola kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi yokha. Zifunika ziwiri kapena zitatu. Mboni ikapezeka yonama, inkalandira chilango chomwecho chimene inafunira mnzakeyo. Ndiponso pa mlandu wa imfa, monga mwa chaputala 17, mboni ndizo zinkayamba kuponya miyala, kuti munthu asaphe mnzake ndi pakamwa manja ake ali kumbuyo.

Komabe lamulo labwino likhoza kupotozedwa, ndipo nkhani ya Naboti pa 1 Mafumu 21 isonyeza chimenechi. Naboti anali ndi munda wa mpesa ku Yezreeli pafupi ndi nyumba ya mfumu Ahabu. Mfumu inafuna kuugula kapena kusinthana naye, koma iye anakana pakuti unali cholowa cha makolo ake. Mwana aliyense wakumudzi adzamvetsa kukana kumeneku popanda kumfotokozera. Tsono Yezebeli, mkazi wa mfumu, sanatume asilikali ayi. Analemba makalata m'dzina la mwamuna wake, nalamula akulu a mudziwo kuti alengeze kusala kudya, akhazike Naboti poyera, ndi kupeza anthu awiri opanda pake oti anene kuti watemberera Mulungu ndi mfumu. Mboni zinakwanira ziwiri monga mwa lamulo, bwalo linakhala, zonse zinaoneka zolongosoka. Naboti anaponyedwa miyala kunja kwa mudzi, Ahabu natenga mundawo. Choopsa m'nkhaniyi si anthu awiriwo okha, komanso akulu aja amene anadziwa zonse nakhala chete. Momwemonso mboni zonama zinaimirira pa mlandu wa Yesu ndi wa Stefano.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi mphunzitsi, pakuti m'kalasi woweruza ndiye. Pensulo ikasowa, kapena buku likang'ambika, ana amathamanga kukatchula dzina, ndipo kawirikawiri limakhala la mwana wamanyazi, wobwera chatsopano, kapena amene anabapo kale. Mphunzitsi wotopa amalanga msanga kuti phunziro lipitirire. Akatero pa mawu a mwana mmodzi, ndiye kuti wafafaniza masana chimene anaphunzitsa mmawa. Ngakhale onena ali awiri, ayenera kukumbukira kuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Njira yothandiza ipezeka m'nkhani ya Suzana, imene ili m'Baibulo la Akatolika pa Danieli 13. Akulu awiri ananamizira mkaziyo chigololo, ndipo anthu anali kupita naye kukamupha. Danieli anapempha kuti akuluwo awalekanitse, nafunsa aliyense payekha kuti anamuona pansi pa mtengo wanji. Woyamba anatchula mtengo wina, wachiwiri natchula winanso, ndipo Suzana anamasulidwa tsiku lomwelo.