Thambo la ku Chilumba Lilowe M'kanema
(Gawo Lachiwiri)

Munthu akaima pa doko la Chilumba usiku wopanda mwezi amaona nyenyezi mbali ziwiri, zina kumwamba, zina pamadzi. Za pamadzizo ndi nyali za asodzi a usipa. Asodziwa safuna buku kuti adziwe kuti mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali, ndipo masiku a mdima amawawerenga mosaphonya.

Mphunzitsi wofuna kujambula maphunziro a zakuthambo pa kanema, amene masiku ano akutchedwa podcast, ayenera kuyambira pomwepa. Mwana wa msodzi akudziwa kale kuti mwezi umakula ndi kuchepa. Chimene akusowa ndi chifukwa chake. Kanemayo amuonetse lalanje ndi tochi m'chipinda cha mdima, kuti aone yekha kuti mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kwa dzuwa, ndipo kuchokera pa mdima kufika pa mdima wina pamapita masiku 29 ndi theka. Pambuyo pake auzidwe kuti Nthanda si nyenyezi ayi, koma dziko lotchedwa Venus, loyenda mozungulira dzuwa monga lathuli.

Zipangizo zake si zapatali. Foni ya m'manja ikwanira, malinga mawu amveke bwino, pakuti mphepo ya kunyanja imameza mawu. Nyenyezi sizioneka bwino pa foni zambiri, choncho wojambula angagwiritse ntchito Stellarium, pulogalamu yaulere yoonetsa thambo la malo alionse. Phunziro likhale lalifupi, kuti anthu atumizirane pa WhatsApp osadandaula za ndalama, ndipo liyankhulidwe m'Chitumbuka kapena m'Chingonde, zinenero zimene ana a ku Karonga amayankhula pakhomo.

Nkhaniyi si yamasewera, awerengi athu. Pa 1 September 2016 kadamsana adadutsa kumwera kwa Tanzania, ndipo kumpoto kwa Malawi mbali yaikulu ya dzuwa idaphimbika. Woyang'ana dzuwa ndi maso chabe pa tsiku lotere angathe kuwononga maso ake mpaka kalekale. Kanema wa mphindi zisanu angapulumutse maso a ana ambiri.

Komanso akuluakulu odziwa maina a nyenyezi m'zinenero zathu akutha mmodzimmodzi. Wojambula wanzeru ayambe wakhala nawo pansi asanatsegule buku.

Sabata yamawa tidzakamba za Mlalang'amba.