Miyendo yopanga: yakalekale, yolumpha patali ndi yosaopa matope

Chiwalo chopanga chakale kwambiri chimene akatswiri amakhulupirira kuti munthu anayenda nacho ndi chala chachikulu cha kuphazi, chosemedwa ku mtengo n'kusokedwa ndi chikopa. Anachipeza pa mtembo wa mayi wina m'manda a ku Thebes, ku Egypt, ndipo n'cha pakati pa zaka za 950 ndi 710 Yesu asanabadwe. Sichinali chokongoletsera maliro ayi, chifukwa chikuoneka kuti chinaperepeseka ndi kuyenda. Mmisiri wake ankadziwa kuti munthu akamaponda, chala chimenechi ndicho chimakankha nthaka komaliza.

Watsoka koposa ndi mwendo wamkuwa wa ku Capua, ku Italy, wa cha m'ma 300 Yesu asanabadwe. Unapirira zaka zoposa 2,000, mabomba a ndege n'kudzauwonongera ku London mu 1941.

Pa kulumpha patali ndi mwendo wopanga, katswiri ndi Markus Rehm wa ku Germany, amene anafika mamita 8.72 mu 2023. Mwendo wake wa carbon fibre umapindika ngati uta, n'kubweza mphamvuyo pamene iye akunyamuka. Mike Powell, wa miyendo yobadwa nayo, anafika mamita 8.95 mu 1991. Kusiyana kwake ndi masentimita 23 basi, n'chifukwa chake mkangano sutha wakuti mwendowo umamuthandiza mopitirira.

Koma tapitani nawoni mwendo umenewu ku Sanjala, mumzinda wa Lichinga ku Mozambique, mvula ili pakati, muone ngati mungalime nawo. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lathana ndi mabomba okwirira, patatha zaka 23 nkhondo itatha, ndipo bungwe la HALO Trust lokha linachotsa oposa 171,000. Miyendo imene mabombawo anadula sinamerenso.

Kwa anthu otere, ine ulemu ndiupereka kwa phazi la Jaipur, limene mmisiri Ram Chandra Sharma ndi dokotala P. K. Sethi anapanga ku India mu 1968. N'la mphira ndi mtengo, lotchipa kwambiri poyerekeza ndi a ku Ulaya, ndipo anaumbapo zala ndi zikhadabo zomwe. Mapazi achizungu a nthawiyo ankafuna nsapato, mpando ndi pansi posalala. Ili limapindika pakakolo, moti mwini wake amatha kunjuta pamoto, kukhala pamphasa, kukwera njinga, ngakhale kulowa m'dimba lamadzi wopanda nsapato.