Mafuta okazingira tchipisi alowa m'thanki ya ndege

Kuyambira mu Januwale 2025, mafuta omwe ndege zimathira pa mabwalo akuluakulu a m'mayiko a European Union ayenera kukhala ndi 2 peresenti yosachokera pansi pa nthaka, ndipo gawoli lidzafika 6 peresenti mu 2030. Lamuloli lachititsa kuti mafakitale oyenga mafuta ayambe kulimbirana mafuta ophikira otha ntchito.

Kuseri kwa malo ena odyera mumzinda wa Huelva ku Spain, bambo wina amafika m'bandakucha ndi galimoto yodzaza migolo. Amavundukula mgolo wa eni malowo, n'kununkhiza kaye, kenako n'kuviika ndodo mpaka pansi kuti aone ngati mwalowa madzi. Mafutawo ndi akuda bii, okhuthala, oyandama nyenyeswa za nsomba ndi ufa wopserera. Manja ake ndi onona mpaka m'zigongono. Akakhutira amalemba kulemera kwake papepala, mwini malo n'kusainira.

Akasefedwa, mafutawo amalowa mu makina omwewo oyengera mafuta apansi, n'kuyengedwa nawo limodzi. Pa kutentha kopitirira madigiri 300, mpweya wa hydrogen umachotsamo oxygen, ndipo chotuluka sichisiyananso ndi dizilo kapena mafuta a ndege wamba. Si monga ethanol wathu, yemwe amasakanizidwa ndi petulo atayengedwa kale.

Mkangano wagona pamenepa: zikasakanikirana chonchi, ndani angatsimikize kuti gawo lochokera ku zomera ndi lochuluka bwanji? Makampani amakonda kuwerengera za m'mabuku, zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Oyendera amafuna kuyeza carbon-14, yomwe imapezeka m'zomera koma inatha kalekale m'mafuta apansi. Kuyezaku kumavuta gawolo likakhala lochepa kwambiri.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti carbon-14 siisiyanitsa mafuta okazingira kale ndi mafuta a kanjedza atsopano. Omenyera zachilengedwe akhala akudandaula kuti mafuta ena ochokera ku Asia amalembedwa kuti ndi otha ntchito pomwe sanalowepo m'poto. Ngati zili choncho, nkhalango zikugwetsedwa kuti padzalidwe kanjedza m'dzina loteteza nyengo, ndipo izi siziyenera kulekereredwa.

Mtengo wa mafuta otha ntchitowa wakwera moti ku Britain akuba ayamba kuwapopa usiku kuseri kwa malo odyera. Ophika ena tsopano amakhoma migolo yawo ndi loko.