Pogulitsa galimoto ya pafamu, buku lake ligwirizane ndi galimotoyo

Msika wa fodya ukatsegulidwa, kawirikawiri m'mwezi wa Marichi, malonda a galimoto zakale amatentha ku Selous, dera la mafamu lomwe lili pakati pa Norton ndi Chegutu pamsewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Mlimi amene fodya wamuyendera bwino amafuna yakeyake kuti aleke kulipira ena ponyamula mabelo. Malonda ambiri otere amathera pansi pa mtengo: uyu wapereka ndalama, uyo wapereka makiyi ndi buku la galimoto, basi aliyense njira yake.

Galimoto ya pafamu siikhala monga inatulukira kufakitale. Mazda B1800 kapena Toyota Hilux yakale imawotchereredwa zitsulo kumbuyo, imawonjezeredwa masipuling'i, ndipo injini ikatopa mwiniwake amaikamo ina yogula kwa ophwasula galimoto. Kwa iye zonsezi n'zokweza mtengo, ngakhale kuti masipuling'i owonjezera sawonjezera mphamvu ya mabuleki. Koma buku la galimoto, lomwe ku Malawi amalitcha bulubuku, lili ndi nambala ya injini, nambala ya chassis komanso mtundu wa penti. Posintha umwini, apolisi a nthambi ya Vehicle Theft Squad amayerekeza nambalazo ndi zomwe zadindidwa pa galimoto. Zikasiyana, mafunso amayamba, ndipo injini yopanda lisiti imakayikiridwa kuti n'njakuba. Wogulitsa wanzeru amasunga lisitilo n'kukalembetsa kusinthako ku Central Vehicle Registry asanayambe n'komwe kufuna wogula.

Lamulo la Vehicle Registration and Licensing Act limapatsa mwini watsopano masiku 14 kuti alembetse galimoto m'dzina lake, ndipo pamalonda a galimoto yogwirapo kale ntchito pali msonkho wopita ku ZIMRA. Ambiri amazemba pothawa msonkhowo ndi maulendo a ku Harare. Apa wogulitsa ndiye amatsala pamoto: galimoto ikagunda munthu n'kuthawa, kapena ikagwidwa itanyamula ng'ombe zakuba, apolisi amayambira pakhomo la amene dzina lake lili m'kaundula. Wogula naye sapulumuka. Mabanja ambiri olankhula Chichewa m'derali ndi ana ndi zidzukulu za anthu omwe anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, ndipo kukagwa maliro kumudzi amadzera pachipata cha Nyamapanda kulowera ku Tete. Pachipatapo, buku la dzina la munthu wina limafuna chikalata cha chilolezo cha mwini dzinalo, munthu yemwe mwina anasamuka kalekale.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya galimoto zomwe zinachitapo ngozi yaikulu. Kampani ya inshuwalansi ikaona kuti kukonza kudya ndalama zoposa kapena zoyandikira mtengo wa galimotoyo, imalipira mwiniwake, n'kutenga chiphakasacho kukachigulitsa paokushoni. Imeneyo ndiyo amaitcha write-off. Ziphakasa zina zimakonzeka bwinobwino, koma zina chassis imakhala inapindika, ndipo penti yatsopano imangobisa bala. Galimoto yotere imadya matayala mbali imodzi, imakokera kumbali ikamanga mabuleki, ndipo ikalemedwa imatha kuthyoka pomwe anawotcherera. Pamsewu wodzaza ndi mabasi ndi magalimoto akuluakulu ngati wodutsa pa Selous, ameneyu si mlandu wa mapepala chabe.

Galimoto zina zimafika zitaweruzidwa kale kunja. Ku United Kingdom, kuyambira mu Okutobala 2017, ziphakasa zimaikidwa m'magulu anayi. Ya gulu A iyenera kuphwanyidwa yonse, ya gulu B amangochotsako zipangizo koma thupi lake silibwereranso pamsewu, pamene za gulu S ndi N zikhoza kukonzedwa: S ikutanthauza kuti mafupa a galimoto anawonongeka, N kuti sanakhudzidwe. Ku South Africa, Code 3 ndi galimoto yomangidwanso pambuyo powonongeka, ndipo Code 4 ndi yothetsedweratu. Wogula afunse mapepala omwe galimoto inalowera nawo m'dziko, ndipo apite nayo kwa makaniko wosankha yekha, osati mnzake wa wogulitsa.

Ogulitsa ambiri amadalira mawu akuti voetstoots, omwe amalembedwa m'kalata ya mgwirizano kutanthauza kuti wogula watenga katundu mmene alili. Mawuwa ali ndi mphamvu m'makhoti a Zimbabwe, koma sateteza munthu amene ankadziwa chilema n'kuchibisa dala. Wogula akhoza kukasuma kuti malonda athetsedwe ndi kubwezeredwa ndalama zake, ndipo kunama kuti galimoto siinachitepo ngozi kukhoza kusanduka mlandu wachinyengo.

Alangizi a m'madera akapemphedwa kukhala mboni, aonetsetse kuti kalatayo yatchula nambala za ziphaso za onse awiri, nambala ya injini ndi ya chassis, mtengo, tsiku ndi ola lomwe makiyi aperekedwa, zonse zomwe zinasinthidwa, ndi ngozi iliyonse yomwe wogulitsa akuidziwa. Aliyense atenge kope lake, ndipo wogulitsa aperekeze wogula kupolisi ndi ku ZIMRA masiku 14 aja asanathe.