Madzi Oundana Akutha Kumpoto

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kuli nyanja ya Arctic. Kumeneko kumazizira koopsa, madzi apamwamba amaundana nkukhala ayezi. Ayeziyo ngwoyera mbee, amabweza dzuwa. Akasungunuka, madzi amamwa kutentha, dziko nkumatenthera-tenthera.

Akatswiri anayamba kumuyeza ali mumlengalenga mu 1979. Mu Seputembala 2012 anapeza atatsala ngati theka. Chikumusungunula ndi kutentha kobwera ndi utsi wa mafuta ndi malasha, onga a ku Moatize omwewa.

Kutentha komweko kukusokoneza mvula yathu. Chaka china chilala, chaka china madzi osefukira. Mu Januwale 2022 Revúboè anadzaza mpaka kugumula mlatho. Tsono ife a ku Matundo tisadalire chimanga cha kumtsinje chokha. Kumtunda tibzaleko mapira, amapirira dzuwa.