Phunziro la m'msasa: zimbowera za pa Chilwa ndi chikondwerero cha Ayuda

Munthu amene anafikapo pa doko la Swang'oma m'boma la Phalombe, nakwera bwato kulowa m'kati mwa nyanja ya Chilwa, amazidziwa zimbowera. Izi ndi timisasa ta asodzi tomangidwa pa njedza zoyandama pamadzi. Msodzi amagona momwemo, amaphika momwemo, amawamba mlamba wake pomwepo, ndipo amatha masabata asanaponde kumtunda. Akagona chagada usiku amaona nyenyezi m'mipata ya denga. Iye amadziwa bwino lomwe kuti nyumbayo si yokhalitsa.

Okondedwa awerengi, ulipo mtundu wa anthu umene chaka chilichonse umatuluka dala m'nyumba zolimba ndi kukakhala m'timisasa tofanana ndi timeneti kwa masiku asanu ndi awiri. Anthuwo ndi Ayuda. Mwambowu amautcha Sukkot, ndipo ife timaudziwa ngati Chikondwerero cha Misasa, chimene lamulo lake lili pa Levitiko 23. Chimayamba pa tsiku la 15 la mwezi wawo wa Tishrei, patangopita masiku asanu kuchokera pa tsiku lalikulu losala kudya la Yom Kippur. Pa kalendala yathu nthawiyi imagwera mu Sepitembala kapena Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ife tikusosa m'minda ndi kuyang'ana kumwamba.

Msasawo uli ndi malamulo ake. Denga lake liyenera kukhala la nthambi, bango kapena masamba odulidwa, losanjidwa kuti mthunzi uchuluke kuposa dzuwa, koma losathinana kwambiri. Banja limamanga wake pakhomo, ndipo mpingo umamanga waukulu pabwalo la sunagoge kuti amene alibe malo asasowe kodyera. Pajatu mutu umodzi susenza denga: abambo amadzutsa mitengo, ana amapachika zipatso ndi zojambula zawo. Cholinga chake n'chakuti mwana afunse chifukwa chimene akudyera panja nyumba ilipo, ndipo wamkulu ayankhe kuti makolo awo atatuluka mu ukapolo ku Igupto anakhala zaka 40 m'chipululu opanda khoma lowateteza, koma sanatayidwe.

Maphunziro ndiwo mutu wa chikondwererochi. M'masunagoge ambiri, pa Sabata la m'kati mwa masikuwa amawerenga buku la Mlaliki, lija limakumbutsa munthu kuti chuma ndi mphamvu zimatha. Pakutha pa chikondwerero pamabwera tsiku la Simchat Torah, pamene mpingo umamaliza kuwerenga mabuku asanu a Mose amene wakhala ukuwerenga chigawochigawo chaka chonse. Akangomaliza Deuteronomo amayambanso Genesis tsiku lomwelo, kusonyeza kuti kuphunzira kulibe polekezera. Ana aang'ono amawaitanira kutsogolo, nawafundika nsalu imodzi yaikulu yopempherera, nawadalitsa. Amadziwa kuti m'mera m'poyamba.

Nyimbo nazo sizitsalira. Tsiku lililonse amaimba Masalimo 113 mpaka 118, atagwira nthambi ya kanjedza, timitengo ta mchisu ndi msondodzi, pamodzi ndi chipatso chonga ndimu yaikulu chotchedwa etrog. Amazigwedeza kuloza mbali zinayi za dziko, kumwamba ndi pansi. Pa Simchat Torah amatulutsa mipukutu ya Chilamulo navina nayo kuzungulira sunagoge kasanu ndi kawiri. Maimbidwe amasiyana malinga ndi dera. Abayudaya a ku Mbale m'dziko la Uganda, amene chiyambi chawo ndi mfumu Semei Kakungulu mu 1919, amaimba masalimo m'chilankhulo chawo cha Chiganda, pa mang'ombe a kwawo komweko.

Nanga chakudya? Chifukwa ndi nyengo yokolola m'dziko la Israeli, pagome pamadzaza zipatso, masamba ofutiramo nyama ndi mpunga, ndi buledi woluka wotchedwa challah amene ambiri amamusunsa mu uchi. Koma chachikulu si ndiwo ayi, ndi mlendo. Aphunzitsi awo akale ankanena mosabisa kuti wodya atatseka chitseko, osagawira wosauka, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, akungokondweretsa mimba yake, sakusunga chikondwerero.

Wina angaganize kuti zonsezi n'zakutali. Koma ku Zambia, dziko loyandikana nafe, Ayuda akhalako zaka zoposa 100. Abale awiri, Elie ndi Harry Susman, ochokera ku Lithuania, anawoloka Zambezi mu 1901 kukagula ng'ombe kwa Alozi, ndipo ena anawatsatira. Sunagoge wa ku Livingstone anamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ena anadzamangidwa ku Lusaka ndi m'matauni a migodi ya kopa. M'zaka za m'ma 1950 Ayuda m'dzikomo anafika pafupifupi 1,000. Mmodzi wa iwo, Simon Zukas, anamenyera nawo ufulu wa dziko, atsamunda anamuthamangitsa, nadzabweranso Zambia italandira ufulu mu 1964, pambuyo pake n'kukhala nduna ya boma. Anamwalira mu 2021.

Ufulu utabwera, mabanja ambiri anasamukira ku South Africa, Britain ndi Israeli. Nyumba ya sunagoge ya ku Livingstone inasanduka tchalitchi cha Akhristu. Otsalawo, ambiri a iwo ku Lusaka, anachepa kwambiri, chonsecho mapemphero ena a Chiyuda sachitika popanda anthu akuluakulu khumi. Kwa zaka zambiri ankadalira Rabi Moshe Silberhaft, amene ankayenda kuchokera ku Johannesburg kuchezera timagulu tating'ono ta Ayuda m'maiko a kuno kumwera. Makoma anapita m'manja mwa ena, koma chikondwerero chomwe nyumba yake ndi ya nthambi sichisowa pokhala. Chimangofuna munthu wofotokoza, anthu oimba ndi mbale yoti agawane.

Pali chinanso chimene munthu wa ku Chilwa angachimve msanga kuposa wa m'tauni. Masiku asanu ndi awiri aja akatha, pa tsiku lachisanu ndi chitatu Ayuda amapempherera mvula. M'masiku a Kachisi wa ku Yerusalemu ansembe ankatunga madzi pa thamanda la Siloamu ndi kukawathira pa guwa. Pa chikondwerero chomwechi ndi pamene Yesu anaimirira naitana akumva ludzu, monga tiwerenga pa Yohane 7. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imadalira mvula ndi mitsinje ngati Phalombe, Sombani ndi Likangala. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'ambika, mabwato ali gwaa pamatope. Komanso madzi akachuluka amapha: napolo wa ku phiri la Michesi mu 1991 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba za njerwa ngati misasa. M'pake kuti pemphero la Ayuda lija silipempha mvula chabe, koma mvula ya dalitso ndi ya moyo, osati ya temberero.

Sitikunena kuti Akhristu ayambe kusunga miyambo ya Ayuda. Chikondwererochi ndi chawo, ndipo tichilemekeze potero. Koma chikutifunsa mafunso. Kodi pa Khirisimasi ndi Pasaka ana athu amamva nkhani ya chimene tikukondwerera, kapena amangoona mpunga ndi nkhuku? Kodi anamvapo kwa agogo awo mmene banja linapulumukira chaka chimene nyanja inaphwa, ndi amene anawagawira ufa? Kodi pa mphasa yathu pamakhala malo a mlendo?

Okutobala akadzafika, madzulo ena tulutsani mphasa pabwalo, muitane woyandikana naye amene nkhokwe yake yatha, muimbe salimo limodzi, ndipo wamkulu wa pakhomo afotokoze kumene banja lachokera. Ana akadzafunsa chifukwa chimene mukudyera panja, mudzakhale ndi yankho.